Nyambo zochokera ku Joni zikukanika kugwira nsomba ku Santhe: vuto lili pati?

Funso lafika kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Santhe, m'boma la Kasungu. Akuti: "Achimwene anga omwe amagwira ntchito ku Johannesburg adanditumizira ndodo yowedzera yokhala ndi wilo, pamodzi ndi kabokosi ka nyambo zopanga. Zina ndi zachitsulo chonyezimira, zina ndi zapulasitiki zooneka ngati tinsomba. Kuyambira mu Febuluwale ndapita kasanu ndi kamodzi kudamu la pa esiteti ina kuno, koma sindinagwirepo ngakhale themba. Ana owedza ndi nyongolotsi pambali panga amabwerera kwawo ndi ndiwo. Kodi zinthuzi zimagwiradi nsomba kwathu kuno, kapena ndi za m'madzi a kunja?"

Achimwene, zimagwira. Ndawedza nazo mu Bua ndi m'madamu a kuno kwa zaka zambiri, ndipo musazitaye kapena kuzigulitsa motchipa chifukwa chokhumudwa. Komabe ana aja ali ndi mwayi umodzi womwe inu mulibe. Nyongolotsi ikakhala pa mbedza imagwira ntchito yokha: imanunkha, imaphiriphitha, ndipo nsomba ikailawa imamva kuti ndi chakudya. Mwana atha kuzika nsungwi yake m'matope, n'kukhala pamthunzi kumakukuta nzimbe, nyongolotsi ili kalikiliki kumuitanira nsomba. Nyambo yachitsulo ilibe fungo, ilibe kukoma. Mukaisiya kuti ikhale pansi pa madzi siisiyana ndi chitsekerero cha botolo chomwe wina wataya. Moyo wake wonse uli m'dzanja lanu, ndipo dzanja lomwe lidazolowera kuwedza ndi nyongolotsi limafuna kukhala pamalo amodzi n'kumadikira.

Munthu wina wa ku Finland, Lauri Rapala, yemwe dzina lake mwina lili pa nyambo zina m'kabokosi kanuko, adali msodzi wosauka. Ankayang'anitsitsa m'madzi n'kuona kuti nsomba yaikulu ikalowa pakati pa tinsomba, siigwira kalikonse. Imasankha kamene kakusambira mopunduka, kogwedezeka ngati kovulala. Mu 1936 adasema kansomba, n'kukakuta ndi pepala lonyezimira la chokoleti, ndipo chomwe adalimbana nacho kwambiri ndi chakuti kazigwedezeka ngati kansomba kodwala kaja. Nyambo yopanga ndi bodza lomwe timanamiza nalo nsomba yosaka zinzake. Choncho funso loyamba, musanafunse za mtundu wa nyambo kapena kaponyedwe, ndi lakuti: m'damu lanulo muli nsomba yosaka?

Apa m'pamene ambiri amagwera, ndipo ndikuganiza kuti inunso vuto lanu lalikulu lili pomwepa. Madamu ambiri a m'maesiteti a fodya kuno ku Kasungu ndi ku Mchinji adakumbidwa kuti azithirira nazale, ndipo nsomba zomwe zimapezekamo kawirikawiri ndi makumba, chilunguni, matemba ndi mlamba. Makumba amadya ndere, tizilombo tosaoneka ndi maso toyandama m'madzi, ndi zinyenyeswa za pansi. Chilunguni chimadya udzu ndi masamba a m'madzi. N'chifukwa chake alimi a nsomba amachiponyera masamba a mbatata ndi a chinangwa. Matemba kukamwa kwawo n'kochepa ngati nsonga ya chala cha mwana. Tsono mukaponya kansomba kapulasitiki kotalika ngati chala chanu chapakati, kokhala ndi mbedza zamano atatuatatu, kumakhala ngati kupatsa mbuzi fupa. Siikukana chifukwa chochenjera. Si chakudya chake.

Nyambo zambiri zogulitsidwa ku South Africa amapangira nsomba yotchedwa bass, yochokera ku America, yomwe ili m'madamu ambiri kumeneko. Bass ili ndi kukamwa kwakukulu ndipo imalumphira chilichonse chodutsa pafupi. Kuno ku Malawi idaikidwa m'madamu ena, makamaka a kumwera monga a ku Zomba ndi a m'maesiteti a tiyi, koma si damu lililonse lili nayo. Achimwene anu adakugulirani zinthu zabwino, kungoti adagulira madzi ena. Nsomba zathu zosaka zenizeni ndi monga tsungwa, mcheni wa kunyanja, sanjika ndi mpasa. Mpasa imachoka m'nyanja ya Malawi n'kukwera mitsinje kukaswa pa miyala, ndipo Bua ndi umodzi mwa mitsinje yochepa yomwe ikadali nayo, makamaka chigawo chodutsa m'nkhalango ya Nkhotakota. Imeneyo ikaona nyambo yachitsulo yonyezimira yooneka ngati supuni siichedwa. Koma yachepa kwambiri, ndipo m'nkhalangomo simulowa munthu ndi mbedza popanda chilolezo.

Musanapitenso kudamuko, chitani ichi: pitani madzulo pamene ana aja akuweruka, muwapemphe akuonetseni zomwe agwira. Funsaninso mlonda wa pa esiteti kapena agogo omwe amatchera miono kuti nsomba yaikulu yomwe idagwidwapo pamenepo idali yamtundu wanji. Mukapeza kuti ndi makumba ndi matemba okhaokha, kabokosi kanu kambiri kadikire tsiku lomwe mudzapite ku Nkhotakota kapena ku Salima. Mukamva kuti muli chilunguni ndi milamba, mwayi ulipo.

Chilunguni, ngakhale chimadya masamba, ndi nsomba yaukali. Chimakumba zisa m'madzi osaya, ndipo chachimuna ndi chachikazi zonse zimalondera mazira ndi ana. Nyengo yotentha, kanthu konyezimira kakadutsa pafupi ndi chisa, chimakaluma pofuna kukathamangitsa. Chimatolanso tizilombo tikagwera m'madzi. Nyambo yake ndi ka spinner kakang'onong'ono, kaja kokhala ndi kachitsulo kozungulira ngati tsamba, ka nambala 0 kapena 1. Makumba aakulu nthawi zina amakalumanso komweko. Ndingopempha kuti mukaona nsomba ziwiri zikulondera chisa, musazithe zonse. Ana a nsombazo ndiwo ndiwo zanu za chaka chamawa.

Mlamba ndi nkhani ina. Uli ndi timaso tating'ono ndi ndevu zisanu ndi zitatu, ndipo umasaka ndi fungo, ndi ndevuzo, komanso pomva kugwedezeka kwa madzi, makamaka kukada. Umadya tinsomba ndi achule, choncho nyambo yopanga umailuma ndithu, koma iyenera kuyenda pang'onopang'ono, pafupi ndi pansi, ndipo izigwedeza madzi. Ine ndikafuna mlamba ndi supuni, ndimakoloweka kachidutswa ka nyongolotsi kapena ka chiwindi cha nkhuku pa mbedza yake. Ena amati kutero n'kubera. Ine ndimati mwapatsa nsomba yosaona bwino chifukwa chotsatira nyambo yanu, ndipo kwa munthu amene akuyamba kumene palibe njira yoposa imeneyi.

Chachiwiri ndi nyengo. Mwati mudayamba mu Febuluwale. Mwezi umenewo madzi a m'madamu a kuno amakhala ofiira ngati thobwa chifukwa cha dothi lokokoloka m'minda. Nyongolotsi siivutika m'madzi otero poti nsomba imaitsata ndi fungo, koma chitsulo chonyezimira chimadalira kuoneka. Yesani chonchi: mangani nyambo, muitsitse m'madzi pafupi ndi phazi lanu. Ikasowa m'maso isanamire kutalika kwa chikhatho, tsiku limenelo ndi la nyongolotsi. Ikamaonekabe pakuya kofika m'chigongono, mutha kuyesa. Madzi amayamba kuyera mvula ikatha, cha mu Epulo ndi Meyi. Kenako kumabwera chisanu cha Juni ndi Julayi, ndipo inu mukudziwa mmene kumazizirira kuno m'mawa. Thupi la nsomba limatsata kutentha kwa madzi, ndipo nsomba za mtundu wa makumba ndi chilunguni zimachepetsa kudya madzi akazizira kutsika pa madigiri 20. Nsomba yozizidwa siingathamangitse chitsulo. M'miyezi imeneyi pitani masana dzuwa litatenthetsa madzi osaya. Nyengo yanu yeniyeni ndi Sepitembala mpaka mvula yoyamba: madzi achepa, ayera, atentha, ndipo nsomba zaunjikana m'maiwe. Pamenepo pitani m'bandakucha kapena dzuwa likapendeka.

Tsopano za malo. Ndikhulupirira kuti mumaima pamalo oyera, popanda bango, n'kumaponya pakati pa damu, kutali momwe mungathere. Pafupifupi aliyense amayamba choncho, ndipo chifukwa chake n'chomveka: nyambozo n'zodula, zachokera kutali, ndipo mukuopa kuti zingakodwe m'zitsa. Koma pakati pa damu nthawi zambiri ndi pabwalo popanda kanthu. Nsomba yosaka imabisala. Imakhala m'mphepete mwa bango, pansi pa mtengo wogwera m'madzi, pambali pa mwala, pomwe kamtsinje kakuthira m'damu, ndi pomwe madzi osaya akuyambira kuya. Mumtsinje imakhala kuseri kwa mwala, pomwe madzi othamanga akumana ndi odikha, n'kumadikira chakudya chobwera ndi madzi. Kumeneko n'komwenso nyambo zimakodwa. Palibe kuchitira mwina: wowedza ndi nyambo zopanga amataya zina, ndipo amene sanatayepo nkomwe ndiye kuti akuponya kopanda nsomba.

Kuti mantha amenewa akuchokeni, dzipangireni nyambo zophunzirira. Tengani supuni yakale ya tiyi, mudule chogwirira, muboole kabowo kumutu ndi kumchira, mukoloweke mbedza mbali imodzi ndi kawaya kolimba, mbali inayo kachitsulo kozungulira kotchedwa swivel. Muikweche ndi phulusa kapena mchenga wosalala mpaka iwale. Supuni yotere imagwedezeka bwino m'madzi, ndipo ikatsalira pachitsa mtima supweteka. Ikakodwa musakoke ndi ndodo, ingathyoke. Yendani m'mbali mwa madzi mpaka mufike mbali ina, mukokere komwe nyambo idachokera. Nthawi zambiri imamasuka.

Ndipo muziyenda. Wa nyongolotsi amadikira nsomba kuti imupeze, inu mukuyenera kukaipeza. Mukafika pamalo, yambani kuponya pafupi, motsata gombe kumanzere, kenako patsogolo pang'ono, mpaka mufike kumanja. Mukaponya kakhumi kapena kakhumi ndi kasanu popanda chokhudza, sunthani mapazi makumi awiri. Fikani pamadzi mwakachetechete. Nsomba ili ndi mzere m'mbali mwa thupi lake womwe imamvera kugwedezeka kwa madzi, ndipo mgugu wa mapazi pagombe umaifika. Chithunzithunzi chanu chikagwera pamadzi osaya, zomwe zidali pafupi zathawa kale musanaponye. Malaya oyera kapena ofiira asiyeni kunyumba.

Pa kakokedwe ndichedwapo pang'ono, chifukwa apa m'pamene pali luso lenileni. Oyamba kumene amalakwitsa m'njira ziwiri. Ena amaponya n'kusiya nyambo pansi ngati nyongolotsi. Ambiri amapukusa wilo mothamanga ngati akupalasa njinga pamtsetse, nyambo n'kumauluka pamwamba pa madzi pomwe nsomba zili pansi. Musanaponye kutali, ikokeni nyambo pafupi ndi inu pomwe mukuiona. Spinner muipeze liwiro lochepetsetsa lomwe tsamba lake likuzungulirabe. Mudzamva kunjenjemera pang'ono kunsonga kwa ndodo, ndipo liwiro lake ndi limenelo. Supuni izipendekera uku ndi uku. Ikayamba kuzungulira ngati pulopela, mwafulumira. Kansomba kapulasitiki kokhala ndi mlomo kutsogolo kamamira mukamakoka, ndipo kambiri kamayandama mukaima. Nyambo zofewa zonga mphira zilibe kuyenda kwawokwawo: mumazisiya zifike pansi, n'kumazidumphitsa pang'onopang'ono ndi nsonga ya ndodo.

Kuya nakonso muzikusaka. Nyambo ikagwa m'madzi werengani mumtima: wani, thu, fili, kenako yambani kukoka. Ulendo wina werengani mpaka faifi, wina mpaka eyiti, kufikira mutamva kuti yakhudza pansi. Mukagwira nsomba pa faifi, bwererani pa faifi pomwepo, chifukwa zinzake zili pa mlingo womwewo.

Tsiku lina mu Okutobala ndidali pa dziwe lina la Bua, kumtunda kwa mlatho wa pa msewu wa M1. Madzi adali oyera moti ndinkaona mchenga pansi. Ndidaponya ka spinner kamkuwa m'mbali mwa bango, ndipo pobwera ndidaona chilunguni chachikulu, chofiira pachifuwa, chikukatsatira pambuyo, mphuno yake pafupifupi kukhudza mbedza. Chidafika pafupi ndi miyendo yanga n'kubwerera. Ndidaponyanso, chimodzimodzi. Kachitatu, kali pakati pa ulendo, ndidaimitsa dzanja kwa kamphindi kochepa ngati kuphethira kwa diso. Tsamba lija lidasiya kuzungulira, nyambo n'kuyamba kugwa mopendekera, ndipo nthawi yomweyo ndodo idapindika. Nsomba ija idali ndi chidwi kuyambira poyamba, koma chinthu choyenda liwiro limodzi osasintha sichinkaoneka chamoyo. Kuyambira tsiku limenelo sindikoka nyambo mofanana kuchokera kutali mpaka kumapazi: ndimaima pang'ono, ndimafulumira pang'ono, ndimagwedeza nsonga ya ndodo.

Dziwaninso kuti nsomba ikaluma chitsulo imazindikira msanga kuti yanamizidwa, ndipo imalavula. Ndi nyongolotsi timadikira kuti imeze. Apa ayi. Mukamva kugunda, kulemera kwachilendo, kapena kunjenjemera kwa spinner kukasiya mwadzidzidzi, kwezani ndodo nthawi yomweyo, mwamphamvu koma osati mokhadzula. Chingwe chizikhala chokungika nthawi zonse. Chikakhala cholendewera simumva kanthu. Mwina pa maulendo asanu ndi limodzi aja nsomba idakulumanipo, inu n'kuyesa udzu.

Za zipangizo ndinena mwachidule. Chingwe chokhuthala chomwe timagula pamsika chowedzera milamba chimalepheretsa nyambo yaing'ono kuuluka ndi kugwedezeka, ndiponso chimaoneka m'madzi oyera. Pa tinyambo ta magalamu 3 mpaka 7, chingwe cha mamilimita 0.20 kapena 0.25 n'chokwanira. Yang'anani pa ndodo yanu pafupi ndi chogwirira: pamalembedwa kulemera kwa nyambo zomwe imatha kuponya. Ngati palembedwa 20 mpaka 60g, ka spinner kakang'ono sikapita patali, ndipo vuto si mkono wanu. Wilo lidzaze chingwe mpaka patsale mamilimita awiri kufika m'mphepete. Likakhala theka chingwe chimakhula potuluka. Musamangirire mtovu wolemera pafupi ndi nyambo, umaipha kayendedwe. Spinner ndi supuni zimapota chingwe, choncho swivel isasowe. Mfundo muzinyowetsa ndi malovu musanakoke kuti ilimbe, chifukwa youma imatentha n'kufooketsa chingwe, ndipo muiyese ndi manja musanaponye. Pa wilo pali chopotera chomwe chimalola chingwe kutuluka nsomba ikakoka mwamphamvu. Musachimange gwa, mlamba waukulu ungadule. Mbedza muiyese pa chikhadabo cha chala chachikulu: yakuthwa imakanirira, yobuntha imatsetsereka, ndipo kamwala kosalala kamainola bwinobwino.

Mtundu wa nyambo anthu amauganizira mopitirira muyeso. Yasiliva m'madzi oyera, yamkuwa kapena yagolide m'madzi oderako, yakuda kapena yowala kwambiri m'madzi amatope. Basi. Chomwe chimaononga oyamba kumene ndi kusinthasintha: kuponya katatu, kumasula, kumanga ina, tsiku n'kutha chingwe chili kumtunda. Sankhani nyambo ziwiri zokha, ka spinner kakang'ono ndi supuni imodzi, zinazo zitsale kunyumba mpaka manja anu atazidziwa ziwirizi. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kwa pano n'kuponya kambirimbiri mosatopa, maso ali pamadzi.

Popeza njira imeneyi imafuna kuyenda m'mbali mwa madzi m'mawa ndi madzulo, ndikuchenjezeni ndi mtima wonse. Mu Bua muli ng'ona, ndipo nthawi yomwe nsomba zimadya ndi yomwenso ng'ona zimasaka. Musaime m'madzi pa dziwe lakuya, musagwade m'mphepete potsuka nsomba, ndipo nyambo ikakodwa patali musailowere, ngakhale itakhala yokongola chotani. Funsani eni mudzi za malo oopsa, ndipo musapite nokha. M'madamu a madzi odikha muli nkhono zofalitsa likodzo, choncho ponyani muli kumtunda kapena valani majombo. Damu la pa esiteti lili ndi mwini wake, pemphani kaye. Damu la Lifupa lili m'kati mwa paki ya Kasungu, ndipo kumeneko zonse zimayendera malamulo a paki.

Mvula ikatha ndipo madzi akayera, pitani kudamu lanulo m'mawa kwambiri ndi ndodo ziwiri. Ya nsungwi muikepo nyongolotsi, muizike pafupi ndi bango kuti ndiwo zisasowe kunyumba. Ndi inayo yendani m'mbali mwa bango lomwelo ndi ka spinner ka nambala 1, mukuwerenga kuya ndi kuimaima pokoka. Nsomba yoyamba yomwe igwidwe pa nyongolotsi muitumbule pomwepo muone zomwe zili m'mimba mwake. Mukapezamo zobiriwira zokhazokha, damulo ndi la odya ndere ndi udzu, ndipo muchepetsenso nyambo kapena mukayese ku mitsinje ya Rusa ndi Bua. Mukapezamo kansomba kapena mwendo wa chule, yang'anani kukula kwake, mutsegule kabokosi ka achimwene anu, musankhe nyambo yofanana nako.